A Sajeni Mwale ndi Chikwama cha Masatifiketi

Lero watha mwezi chimwalirire a Sajeni Mwale. Masiku onsewa ndikachoka kusukulu ndimatsegula kabuku kanga, n'kulemba deti, n'kutseka. Lero amayi apita kudimba ndipo pakhomo pali zii, choncho ndiyesa kulemba zimene ndikukumbukira zisanasakanikirane ndi zimene anthu akuwonjezera. Ena ayamba kale kunena kuti ananyamula galimoto ndi manja. Sananyamule. Ine ndinalipo.

Sanali abale athu. Nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu la mbuzi kuno ku Zemba. Ana tonse tinkawaitana kuti agogo, ngakhale iwo ankakonda kuti tiziti a Sajeni. Anagwira usilikali zaka zambiri, ndipo chakumapeto anali m'gulu limene linkayenda m'maboma kulemba anyamata ndi atsikana usilikali. Yawo inali ntchito yoona mapepala ndi kuyeza msinkhu. Atapuma anabwerera kumudzi ndi njinga, sutikesi yachitsulo ndi mwendo wotsimphina. Akazi awo anamwalira ine ndisanabadwe.

Anali munthu wovuta, ndisaname. Ankasita malaya ndi simbi ya makala ngakhale popita kukapalira. Mtedza ankabzala ndi chingwe. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu ngati akukuyeza, kenako n'kuyankha. Ine ndinkawaopa, ndipo ndikawaona patali ndinkapatukira m'chimanga. Tsiku lina anandipeza ndisanabisale.

"Iwe mng'ono wake wa Misozi, ukuthawa chiyani? Amanyazi sitilemba, usaope."

Ndinayankha ndi mutu, koma ndinakaseka nditafika kunyumba.

Wailesi ikangolengeza kuti asilikali ayamba kulemba, pabwalo pawo pankadzaza. Ankabwera a muno, ena ochokera ku Mlolo pa njinga, aliyense ndi mapepala ake m'pulasitiki. A Sajeni sankayamba ndi zokoma. Ankayamba kuwauza za njala, za kukalipiridwa ndi munthu wochepa kwa iwe, za kutumizidwa kutali mayi wako akudwala, ndi zoti ena sabwerako. Ankati wolemba usilikali amene wabisira mwana zimenezi ndi wakuba, chifukwa akutenga mwana wa munthu ali wamoyo. Ena ankabwerera tsiku lomwelo, makolo awo n'kukwiya kuti nkhalamba ikuopseza ana. Otsalawo ankawathamangitsa mmawa uliwonse mpaka kumlatho ndi kubwerera, iwo ali pambuyo pa njinga ndi wezulo pakamwa.

Malamulo awo anali ochepa ndipo ankawabwereza mpaka kutopetsa. Fomu sigulidwa. Zaka zikhale zako, dzina likhale lako, reji, chiphaso cha unzika chija, ndi satifiketi zikhale zako. Wosakwana zaka abwerere akakule. Tsiku ndi malo amalengeza poyera, ndipo munthu amakaima yekha pamzere. Ukawabweretsera nkhuku yothokoza ankaibweza, ndipo ukaisiya mozemba ankaimanga pakeriya n'kukaitula pakhomo panu anthu akuona.

Ndi amayi anga, a Naphiri, ankakangana pafupifupi sabata iliyonse. Nthawi zina inali nkhani ya mbuzi zathu ndi mbatata zawo. Kawirikawiri inali ya akulu anga a Misozi. A Misozi anakhoza bwino giredi 12, koma anakhala pakhomo zaka zingapo akulima thonje ndi amayi. Anayesapo usilikali kamodzi, n'kugwa pothamanga. Chaka chimene ndikunenachi chinali chomaliza, chifukwa zaka zawo zinali zitafika pamalire. Akanalephera, khomo likanatsekeka.

"A Mwale," ankatero amayi ataima pampanda, "mwana wamkazi mukumuthamangitsa m'misewu atavala thalauzi ngati wakuba. Adzakwatiwa ndi ndani?"

"Ndi amene adzamupeze, a Naphiri. Koma akhale wa mapapo abwino."

"Inu mukuseka. Bwanji osangolembera kalata anzanu aja? Simukudziwa aliyense kumeneko?"

"Ndikuwadziwa. N'chifukwa chake sindilemba."

Amayi ankachoka akung'ung'udza kuti munthu ameneyu anakana mphwake, angamvere chisoni wa mwini? Nkhani imeneyi aliyense muno ankaidziwa, ndipo ndi imene ankawatukwanira. Kale, akulemba ku Chipata, anaona pamzere mwana wa mlongo wawo, dzina lake Lakisoni. Anali asanakwane zaka, ndipo anabwera ndi reji ya mkulu wake. Kwathu kuno zimenezi sizinkaoneka zachilendo. Abale amabwerekana khasu, njinga, jekete ya ku tchalitchi, nanga pepala lilekerenji? Lakisoni ataona amalume ake atagwira mlingo anamwetulira, poganiza kuti zatheka. A Sajeni anamutulutsa pamzere ndi dzanja lawo. Mlongo wawo sanawalankhulenso mpaka imfa yake. Ankati malume wanji amene amatseka chitseko chimene iye yemwe akulondera.

Iwo sankadziteteza pagulu. Anangouza a Misozi kamodzi, akupopa njinga, kuti mwana sapatsidwa mfuti. Anatinso akanafa Lakisoni, uthenga ukanabwera ndi dzina la mkulu wake amene ali moyo, ndipo mayi akanalira maliro a mwana amene wakhala naye pamphasa. A Lakisoni aja ndi aphunzitsi tsopano, ali ndi imvi. Ndiwo analankhula m'malo mwa banja pamaliro. Anati anadana ndi amalume awo nthawi yaitali, ndipo sakudziwa tsiku limene chidanicho chinathera.

Tsopano ndilembe za galimoto ija.

Inali nyengo yachisanu, titakolola, kutatsala sabata ziwiri kuti kulemba kuyambe kuboma. Mmawa umenewo a Sajeni anapita ku kiliniki ku Chadiza kukatenga mankhwala a shuga. Cha m'ma naini galimoto yoyera inaima pa shedi yogulira thonje. Munatuluka bambo wonenepa, atavala malaya a mawangamawanga ngati a asilikali ndi magalasi akuda. Anati ndi a Kaputeni ochokera ku Lusaka, ndipo atumidwa kudzathandiza ana a kumidzi, chifukwa pamzere wa kuboma amapambana ndi a m'tauni okha. Amene akufuna abweretse reji ndi satifiketi yeniyeni, osati fotokope, iwo akazipereka okha kwa akuluakulu.

Ndimafuna amene adzawerenge kabukuka asadzaseke amayi anga. Kwathu chinthu chachikulu sumapempha wekha. Ukwati umayenda ndi ankhoswe. Kwa mfumu amakulowetsa ndi munthu. Ngakhale kupepesa kwenikweni amakunyamulira ndi wina. Zoti mwana wamkazi akaime yekha pamaso pa akuluakulu a boma, popanda womulankhulira, kwa amayi zinkaoneka ngati mwano. Choncho atamva kuti kwabwera munthu wonyamula mawu, mtima wawo unakhala pansi. A Misozi anali kudimba. Amayi anatsegula sutikesi, natenga envulopu ya a Misozi, nagwira tambala wathu wofiira, n'kupita kushedi. Sanali okha. Pofika masana chikwama chakuda cha a Kaputeni chinali chitafufuma, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunali nkhuku, matumba a mtedza ndi mbuzi imodzi.

A Misozi atabwera n'kupeza sutikesi yotsegula, sanalire. Anangokhala pansi pakhomo, matope ali m'miyendo, n'kufunsa kuti, "Amayi, mwapereka yeniyeni?" Kupeza satifiketi ina kumatenga miyezi, ndipo iwo anali ndi sabata ziwiri.

Nthawi yomweyo tinamva belu la njinga ya a Sajeni. A Misozi anathamanga kukawachingamira. Ndinaona a Sajeni akumvetsera, mwendo umodzi uli pansi. Ndinkaganiza kuti atembenuka pomwepo kuthamangira kushedi, koma analowa m'nyumba mwawo. Tinadikira. Kushedi tinkamva zitseko za galimoto zikutsekedwa. A Misozi ankaluma chala. Atatuluka anali atavala nsapato zakuda zopukuta ndi chisoti chawo chakale cha usilikali, chimene ine ndinali ndisanachionepo. Anakwera njinga, ife tikuthamanga pambuyo.

Anagoneka njingayo pansi kutsogolo kwa matayala a galimoto. Kenako anayenda ngati pa perete, mwendo wodwalawo ukukoka fumbi, mpaka anaima pamaso pa a Kaputeni. Anamenyetsa phazi pansi, napereka saluti.

A Kaputeni anasangalala. Kumanja anali atagwira foni, choncho anakweza dzanja lamanzere n'kubwezera saluti, mutu uli pambalambanda.

A Sajeni anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anawafulatira a Kaputeni, n'kuyang'ana anthu.

"Uyu si msilikali."

Panamveka phokoso. Iwo anapitiriza: "Msilikali sapereka saluti alibe chisoti, ndipo sachita ndi manzere dzanja lamanja lili bwinobwino. Zimenezi amaphunzira sabata yoyamba, asanadziwe ngakhale kumene kuli chimbudzi." Anatembenukanso. "Bwana, nambala yanu ya usilikali?"

"Madala, zimenezo ndi zachinsinsi cha boma."

"Yanga ndikhoza kukuuzani ndili m'tulo. Kalata yochokera kuboma muli nayo?"

"Ndani ameneyu?" anafunsa a Kaputeni akuyang'ana anthu. "Mukufuna ana anu ndiwafufute onse chifukwa cha nkhalamba imodzi?"

Apa ndi pamene ndinachita mantha, chifukwa anthu sanakhale kumbali ya a Sajeni. Bambo wina anakuwa kuti ndi nsanje. Mayi wina anati, "Munakana mphwanu, lero mukufuna kukananso athu!" Amayi anga anawagwira mkono a Sajeni.

"A Mwale, chonde. Mwana wanga watsala ndi chaka chino chokha. Musamutsekere."

"A Naphiri, usilikali ulibe nkhoswe. Munthu akanyamula satifiketi ya mwana wanu, wanyamula mwanayo pachingwe. Mawa adzakuimbirani foni, ndipo mudzagulitsa mbuzi zonse kuti muione."

Kenako anakweza mawu kuti onse amve. Anati maofesi a kuboma sanatseke. Apite onse atatu, iwo, a Kaputeni ndi chikwama. Ngati akuluakulu akavomereza kuti munthuyu ndi wawo, iwo adzagwada pashedi pompo, adzapepesa mudzi wonse, ndipo sadzaphunzitsanso mwana wa munthu. Atatero anakhala pansi m'fumbi pambali pa njinga yawo, msana utatsamira galimoto, ndi malaya ositawo.

Anthu anatembenukira kwa a Kaputeni. Zinali zosavuta, ndipo aliyense ankadikira kuti a Kaputeni angoti tiyeni. Iwo anayang'ana wotchi, nati ali ndi msonkhano ku Chipata. Wina anati kuboma ndi panjira. Anati petulo ndi wochepa. Mnyamata wina wa gulu lothamanga lija anati awaperekeza pa njinga. Apa a Kaputeni analowa m'galimoto mwachangu, nauza dalaivala kuti abwerere chakumbuyo.

Dalaivalayo anali bambo wowonda amene tsiku lonse sanalankhule. Anayang'ana kumbuyo, kumene anyamata anali ataima kale, nayang'ana chisoti chimene chinkaonekera kutsogolo kwa galimoto. Anazula kiyi, natuluka, n'kukaipereka kwa a Sajeni ndi manja awiri.

"Ine anangondipeza pa siteshoni, atate. Dzulo tinali kwina, ndipo kumeneko anali a Meja."

Sindingathe kulemba bwino phokoso limene linatsatira. Anthu omwe aja amene ankawanyoza anatola miyala ndi zibonga. Mayi amene anatchula za mphwawo ndiye anali patsogolo ndi mtengo wa mpanda. A Sajeni anadzuka movutika, naima pachitseko cha galimoto atatambasula manja.

"Womenya ayambe ine! Munthu uyu ali m'manja mwanga, ndipo afika kupolisi ndi mano ake onse."

Anatuma mphunzitsi wina kuti aimbire apolisi kuboma. Podikira, anamuimika munthu uja pakhomo la shedi, magalasi atavula, namuuza kuti atsegule chikwama. Aitane dzina limodzilimodzi, mwini wake abwere, amupatse ndi manja awiri, mwiniyo aone ngati zonse zilimo. Anyamata anapanga mzere okha. Dzina likaitanidwa, amayi ankaimba nthungululu. Munthu uja akalankhula motsitsa a Sajeni ankati, "Kwezani, a Kaputeni, akumbuyo sakumva."

Chikwama chinatha. Dzina la a Misozi silinaitanidwe.

Amayi anakhala pansi pomwe anaima. A Misozi anasuzumira m'chikwamamo, nachigwedeza chozondoka, koma munangogwa cholembera. Munthu uja analumbira kuti zonse zinali momwemo. A Sajeni anafunsa kuti ndani winanso sanalandire. Anakweza manja anthu atatu. Anawayang'ana, ndipo poti mapepala a onse ankawadziwa pamtima, anagwedeza mutu.

"Onse anayi ndi okhoza bwino. Zabwino saika pamodzi ndi zinzake. Misozi, kayang'ane pansi pa mpando umene anakhalapo."

Inali pomwepo, m'nyuzipepala yopindidwa. A Misozi anaitulutsa envulopu yawo, naitsegula, nawerenga dzina lawo mokweza ngati akuliona koyamba. Amayi anavula chitenje chapamwamba n'kuyamba kuvina m'fumbi akulira. Apolisi atafika anapeza aliyense atagwira mapepala ake pachifuwa, ndipo mkangano umene unatsala unali wa nkhuku ziwiri zofanana.

Madzulo amayi anapita ndi tambala uja kwa a Sajeni. Anabwerera naye tambalayo.

Tsiku lolemba tinapita tonse kuboma. A Sajeni anaperekeza gulu lawo mpaka pageti la bwalo, n'kuima kunja kwa waya. Msilikali wina wamkulu mkatimo anawazindikira, nabwera kudzawapatsa moni. Amayi anawatsina pamkono kuti atchule dzina la a Misozi. Iwo anangofunsa za umoyo ndi za mvula ya kumene mnzawoyo amachokera, basi. A Misozi anaima okha pamzere. Anaonetsa mapepala, anayezedwa msinkhu, anathamanga. Pa akazi anafika achiwiri. Ine ndinakuwa dzina lawo mpaka anthu anatembenuka, ndipo ndikakumbukira ndimachitabe manyazi. A Sajeni sanaombe m'manja. Anati kwatsala dokotala ndi mayeso olemba.

Maina anatuluka patapita nthawi. Uthenga unafika pa foni ya a Misozi tikusenda mtedza. Anakawaonetsa a Sajeni, ndipo iwo anawerenga kawiri atatalikitsa foni. Anatulutsa njinga, nakwera, n'kuyamba kuliza belu. Analiza kudutsa pa mjigo, pa shedi, pa sukulu, akukuwa kuti, "Walowa yekha! Mwana wa a Naphiri walowa yekha!" Ana ankawathamangira pambuyo. Pobwerera anagwera mu ngalande pafupi ndi tchalitchi, ndipo anadzuka akuseka, udzu uli m'mutu. Kanali koyamba kuona mano awo onse.

A Misozi atamaliza maphunziro anatumiza chithunzi atavala yunifolomu. Ndinapita nacho ndekha kwa a Sajeni, osapatukira m'chimanga. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nati ndiwauze akulu anga kuti chisoti chapendekera kwambiri. Kenako anapempha kuti ndisachotse kaye.

A Sajeni anadwala sabata zitatu zokha. A Misozi anapatsidwa masiku ochepa ndipo anafika tsiku loika maliro.

Dzulo ndikuchapa yunifolomu ya kusukulu ndinamva munthu akuodira kwa a Sajeni. Anali mnyamata wa ku Mlolo, fumbi lili m'nsidze, pulasitiki ya mapepala itamangidwa pachifuwa. Sanamve za maliro. Anaodira katatu. Amayi ndiwo anamuitana pampanda, namuuza, namupatsa madzi. Iye anafuna kuwapatsira mapepala ake kuti aone, koma amayi anabweza manja kumbuyo.

"Gwira wekha, mwanawe. Ngakhale ine usandipatse."

Anandiitana kuti ndiwerenge iye atagwira. Dzina la pa reji ndi la pa satifiketi linali limodzi, ndipo zaka zinali zokwana. Amayi anamuuza kuti azimvera wailesi, ndipo Loweruka abwere mmawa, anzake amakumana pamlatho.

Atapita ndinakaima pang'ono pabwalo pawo. Chitseko anamanga ndi waya. Pawindo pali sopo amene anatsala, wouma ndi wong'aluka. Denga la nkhokwe layamba kutsetsereka mbali imodzi, ndipo chisoso chamera mpaka pakhonde. Mbuzi zathu zapeza polowera. Zinali zitagona pamthunzi wa khoma, zikubzikula mosatekeseka, ndipo panalibe wozikalipira. Ndinazithamangitsa ndine, n'kutseka pampanda ndi nthambi ya minga.